Ulendo wa ku Tete: kulondola njira ya apilo

Ife oweruza a m'mabwalo a m'midzi ya ku Ulongwe, m'boma la Angónia ku Mozambique, tinanyamuka m'bandakucha pa chapa (minibasi), kudzera pa Mussacama ndi Moatize, n'kuwoloka Zambezi pa mlatho wa Samora Machel dzuwa litayamba kale kuswa mtengo. Tinkafuna kuona khothi la chigawo ndi kumvetsa kumene mlandu umathera munthu akakana chigamulo chathu, poti Lamulo 4/92, lomwe linakhazikitsa mabwalo athuwa, limamulola kukadandaula ku khothi la boma.

Bambo amene anatilandira anatiuza kuti apilo yochokera ku khothi la boma la Angónia imamvedwa pa Tete pomwepa, koma ya mlandu waukulu woyambira pa khothi la chigawo imapita ku Tribunal Superior de Recurso, khothi lalikulu la apilo, ku Beira. Pamwamba pa onse pali Tribunal Supremo ku Maputo, yomwe Mário Mangaze anaitsogolera mpaka 2009, kenako Ozias Pondja, ndipo mu 2014 anasankhidwa Adelino Muchanga.

Mayi wina wa m'gulu lathu anafunsa kuti, "Nanga bambo, munthu amafika bwanji pampando wa ku Beira?" Yankho linali lalitali. Amayamba ndi digiri ya malamulo, n'kukaphunzira ntchito yoweruza ku Centro de Formação Jurídica e Judiciária ku Matola. Akatero ambiri amatumizidwa kumaboma, nthawi zina kumene chinenero cha eni dera sachimva, n'kumakwera pang'onopang'ono mpaka kutchedwa juiz desembargador, woweruza wa khothi la apilo. Mayiwo anatikumbutsa za Anastasia Msosa wa kutsidya ku Malawi, amene analowa High Court mu 1992, natsogolera bungwe loyendetsa chisankho cha 1994, n'kudzakhala mkulu wa oweruza onse mu 2013, mzimayi woyamba pampandowo. Amayi anzathu anawomba m'manja.

Chimene chinandigwira mtima ine n'china. Woweruza wa apilo kawirikawiri saona nkhope ya wodandaula, amawerenga mapepala, ndipo mapepalawo ali m'Chipwitikizi. Gogo wa ku Domwe akalongosola malire a munda wake m'Chichewa, mawu ake amadutsa pakamwa pa womasulira, kenako m'manja mwa mlembi. Pakasokonekera pamenepo, wanzeru wa ku Beira adzagamula mwachilungamo pa nkhani imene gogoyo sananene. Zimenezi zimandiwawa kwambiri.

Pobwerera tinapangana kuti kubwalo kwathu mlembi aziwerengera wodandaula ndi wodandaulidwa m'Chichewa zimene walemba iwo asanadinde chala. Tikumana Loweruka kuti tidziwitse mafumu.