Timathovu m'botolo la mwana wanga

Mwana wanga wa Fomu 2 anazula kachomera ka m'madzi kudambo kwathu kuno ku Mchinji, n'kukamiza m'botolo loonekera m'kati. Titaliika padzuwa, timathovu tinayamba kukwera kuchokera pomwe anadula tsinde. Umenewo ndi mpweya wa okosijeni, umboni woti chomeracho chikupanga chakudya chake.

M'nyumba timathovu tija tinachepa. Titalibwezera panja n'kuthiramo kasoda pang'ono, yemwe uja timaphikira therere, tinachuluka kuposa poyamba, poti soda amawonjezera kaboni dayokisaidi m'madzimo. Ndinasangalala kuposa mwini wake wa sukuluyo!

Kuzizira nako kumachedwetsa ntchitoyi, m'mawa wa mu Juni musayembekezere zambiri. Nanga madzi a Bua akafiira ndi matope m'dzinja? Kuwala sikufika pansi, ndiye zomera za kumeneko zimavutika ngakhale dzuwa liswe mtengo.