Süleymaniye si denga lokha ayi

Inu amene mumapita ku Istanbul kukaoda katundu, chonde musamangojambulitsa pakhomo pa mzikiti wa Süleymaniye n'kubwerera. Mzikitiwu anaumanga ndi Mimar Sinan, katswiri wa zomangamanga, kuyambira 1550 mpaka 1557, atalamulidwa ndi Sultan Süleyman, mfumu ya ufumu wa Ottoman. Denga lake lozungulira lija n'logometsa, sindikukana. Koma ine chimene chimandigwira mtima ndi zomwe anamanga mozungulira mzikitiwo: madarasa, chipatala, malo osambira, komanso khitchini yaikulu yomwe inkaphikira osauka chakudya chaulere. Wanjala ankadya, wodwala ankalandira mankhwala, mwana n'kumaphunzira, zonse pabwalo limodzi. Manda a Sinan mwiniwake ali chapafupi pomwepo, aang'ono zedi.

Mukatero muwolokere ku Galata mukaone nyumba ya ma Sufi (Asilamu ozama pa mapemphero okumbukira Mulungu) a gulu la Mevlevi, yomwe inayamba mu 1491. Kumeneko ankapemphera akuzungulira ngati nguli. Amene munakulira pafupi ndi sikiri ya a Qadiriyya kwathu kuno simungadabwe kwenikweni. Boma la Atatürk, pulezidenti woyamba wa dziko la Turkey, linatseka nyumba zotere mu 1925, ndipo ya ku Galata inasanduka malo osungirako zinthu zakale. Kutseka kumeneku ine sindinakumvetsebe mpaka lero.