Lachitatu ku Majete: waya, mvuu ndi amalume

Tinanyamuka tambala woyamba kukalondera m'mbali mwa mtsinje wa Mkulumadzi, m'nkhalango yotetezera nyama zakutchire ya Majete. Dzuwa lisanawawe tinali titazula kale misampha ya waya, wina uli ndi mwendo wouma wa mbawala. Mnzanga wa ku Lilongwe anadabwa kuti ndauona bwanji m'udzumo. Ndinamuuza kuti wotcherayo ndi ine tinaphunzira sukulu imodzi: kwathu kwa Amang'anja, m'mphepete mwa Shire, mwana amadziwa mkwaso wa nyama asanadziwe kulemba dzina lake.

Bambo anali msodzi ku Elephant Marsh. Ndinakulira m'bwato, kuvuula mono, kuwamba makakana ndi milamba, njala ikavuta kudya nyika. Damboli analitcha dzina chifukwa cha njovu zankhaninkhani zomwe David Livingstone anapezako mu 1859, koma ine sindinaoneko ngakhale ndowe yake. Kuno ku Majete nakonso njovu zinatheratu. Bungwe la African Parks litayamba kuyang'anira malowa mu 2003, linabwezeretsa zipembere, kenako njovu mu 2006, mikango mu 2012. Njovu yanga yoyamba ndinaiona ndili kale ndi ndevu, nditavala yunifolomu.

Masana kunali msonkhano kwa amfumu, wa za ming'oma ya njuchi. Za uchi tinangolankhula pang'ono. Amalume anaimirira ndi ndodo yawo.

"Mphwanga, njovu zanu mwazitchingira ndi mpanda wamagetsi. Nanga mvuu yomwe yandidyera dimba lonse usiku umodzi, ndi ya yani?"

Akunena zoona. Chimanga cha kudimba ndicho chimapulumutsa anthu a kuchigwa kuno mvula ikakana, ndipo mvuu zambiri zimakhala kunja kwa mpanda, mumtsinje womwewo timatungamo. Ndinawakumbutsa za Khulubvi ku Nsanje, nkhalango ya Mbona, komwe munthu sadulako mtengo ngakhale kulibe waya.

"Mbona amagwetsa mvula," anatero. "Mvuu imagwetsa chiyani?"

Bwalo lonse linafa nacho chiseko, ngakhale amfumu. Ndinakhala pansi. Kutsutsana ndi mwini mbumba pagulu n'kudzichotsa ulemu, komanso yankho ndinalibe.

Tagwirizana zokumba ngalande yakuya kumbali ya dimba yoyang'ana kumtsinje, poti mvuu ndi yaifupi miyendo, siidumpha dzenje. Loweruka ndikapita ndi khasu langa. Amalume akuti ndibwerenso ndi fodya.