Tsiku limene ndinatsika ndi mwana wanga ku Nkhata Bay pa njinga yamoto

Funso lake linabwera tikudya nsima madzulo. "Adadi, kodi ku Nkhata Bay n'kutali?" Mwana wanga wamkazi ali mu Sitandade 7, ndipo masiku amenewo anali ataphunzira za pa 3 Malichi 1959. Ndinamuyankha kuti ayi, ndi pompano, makilomita ake sakwana n'komwe 50. Nditangoyankha choncho mtima unandipweteka. Mwanayu anabadwira mu Mzuzu momwemuno, wakulira ku Chibavi, usipa wa ku Nkhata Bay amaudya sabata ndi sabata, koma nyanjayo anali asanaionepo ndi maso ake.

Amayi ake poyamba anakanitsitsa. Kenako analola, koma ndi malamulo awiri: mwana avale helemeti, ndipo dzuwa lisakatilowere panjira. Tinadikira kuti mvula iyambe yachepa, mpaka Loweruka lina m'mwezi wa Meyi. Lachisanu usiku ndinakunga tcheni, kuona mabuleki onse awiri, kupopa matayala, thanki n'kudzaziratu, poti mafuta masiku ano ukawapeza sumati ndithira mawa. Helemeti yachiwiri ndinabwereka kwa aneba.

Tinanyamuka cha m'ma 7 koloko, Mzuzu atafunda nkhungu yake ija. Amene munakhalapo kuno mukuidziwa, yonyowetsa zovala ngakhale mvula isakugwa. Mwana anavala juzi, pamwamba jekete ya amayi ake, manja atandikumbatira m'chiuno zolimba. Titalowa mumsewu wa M5 n'kuyamba kulambalala nkhalango ya Kaning'ina, zala zanga zinali zitachita dzanzi pa mahandulo.

Msewu umenewu ndaudutsapo kangapo pa minibasi, koma tsiku limenelo ndi pamene ndinaudziwa. M'minibasi umakhala wopanikizika, mawindo otseka, maso ali pa katundu wako. Pa njinga phiri umalimva m'thupi. Mzuzu ali pamtunda wa mamita pafupifupi 1,250, pamene nyanja ili pansi pa mamita 500, choncho mu ola limodzi lokha umatsika mamita oposa 700. Makutu amatsekeka, ukameza malovu n'kutseguka. Ukakhota kona iyi mphepo ikuluma, kukhota makona ena angapo wayamba kumva kafungo ka nthaka yofunda ndi masamba onyowa. Penapake nkhungu inangong'ambika ngati nsalu, kumunsi kukuoneka zigwa zobiriwira, timidzi tili apo ndi apo, utsi wa m'mawa ukukwera. Ndinamva mwana akufuula kumbuyo, "Adadi, taonani uko!" Ine kuyang'ana sindikanatha, maso anali pa phula. Ndinapeza malo otakasuka, n'kuima, tonse n'kuona bwinobwino.

Tili chiimire pamenepo panadutsa mnyamata wa kabaza, atanyamula anthu awiri ndi thumba, onse mitu ili pamtunda, injini atazimitsa. Njinga ikungoti fyuu, yopanda phokoso. Zimenezi zimandiwawa kwambiri, ndipo ndilankhulepo. Ndikudziwa chimene amazimitsira: mafuta adula, ndipo dontho lililonse lopulumutsidwa ndi ndiwo za ana kunyumba. Sindikuwanyoza. Koma pamtsetse wautali ngati umenewu injini ndi imene imagwira njinga. Ukaika giya yachiwiri kapena yachitatu n'kusiya moto, njinga imadziletsa yokha, buleki umangogusa pang'ono pofika pa kona. Ukazimitsa, ntchito yonse imatsalira mabuleki, amatentha, ndipo akatentha amaleka kugwira pa nthawi yomwe ukuwafunitsitsa. Msewuwu anaukonza bwino zaka zapitazi, ndi wosalala, ndipo kusalalako ndi kumene kumanyenga anthu. Mvula ikagwa imasiyanso mchenga m'makona, tayala lakutsogolo likaponda pamenepo uli pa liwiro, palibe chopempha. Ine ndinatsika pang'onopang'ono, magalimoto ondiimbira hutala ndikuwapatsa njira.

Pa Mpamba tinaima kuti tivule majekete, thukuta litayamba kale. Tinagula nthochi kwa mayi wina amene anatilonjera m'Chitonga, "Mwe uli?" Ine Chitumbuka ndimachimva, Chitonga ndimangotolako apa ndi apo, ndiye ndinangoti yewo, iwo n'kuseka, n'kumuwonjezera mwana nthochi ziwiri. Kuyambira pamenepo mwana anazindikira yekha kuti minda yasintha. Chimanga chikuchepa, paliponse chinangwa. Pakhomo pena chinali chitayanikidwa pathandala, choyera mbee, fungo lake lovundika likufika mpaka pamsewu. Ndinamuuza kuti amachiviika m'madzi masiku angapo kuti chiwawo chichoke, n'kuchiyanika, n'kusinja, ndipo masana tidya nsima yake.

Mapiri a Kandoli anatiperekeza mpaka kumunsi. Kenako ndinamva zibakera ziwiri pamsana. Nyanja. Inayamba kuoneka pakati pa mitengo, kachidutswa kokha, kenako yonse, yopanda tsidya. Mwana anangoti zii. Patapita kanthawi anafunsa kuti kodi pamadzi pangayake bwanji moto, chifukwa kutali uko kunali ngati mizati ya utsi wakuda. Ndinamuuza kuti si utsi, ndi nkhungu, tizilombo ting'onoting'ono touluka timene timaswana m'madzi n'kutuluka tambirimbiri nthawi imodzi. Mphepo ikatikankhira kumtunda anthu amatikola ndi malichero, n'kuumba zikate zodyera nsima. Anaseka kwambiri kuti tachoka m'nkhungu kwathu, tadzapezanso nkhungu ina kuno.

Tauni ya Nkhata Bay ndi yaing'ono, yopanikizika pakati pa mapiri ndi madzi. Njinga tinaisiya pafupi ndi msika, tinayenda wapansi kupita ku jeti. Ilala tsiku limenelo kunalibe, zomwe zinamukhumudwitsa pang'ono, poti ndinali nditamufotokozera kuti sitimayo anaipangira ku Scotland mu 1949, inabwera zidutswazidutswa, ndipo yakhala ikuyenda panyanjayi kuyambira 1951. Panali mabwato ndi maboti okha, ena akupakira matumba opita kuzilumba za Likoma ndi Chizumulu.

Koma ife tinabwerera china. Ndinamuimika poyang'anana ndi madzi n'kumuuza kuti zimene anaphunzira zija zinachitikira pano. Pa 3 Malichi 1959 bwanamkubwa Robert Armitage analengeza kuti dziko lili pa ngozi, ndipo atsogoleri a Nyasaland African Congress anayamba kumangidwa m'bandakucha. Kamuzu Banda anatengedwa tsiku lomwelo kupita kundende ya ku Gweru. Ena mwa omangidwa kuno kumpoto anawakweza m'sitima yotchedwa Mpasa, imene inaima padoko lino. Abale awo ndi anthu a m'midzi yozungulira anakhamukira kuno kudzafuna kuti anthuwo amasulidwe. Asilikali anawombera, ndipo anthu osachepera 20 anafa. Analibe mfuti. Ankakana chitaganya chimene chinatiphatikiza ndi maiko awiri a Rhodesia mu 1953 popanda kutifunsa.

Mwana anayang'ana pansi, pomwe tinaponda, kenako anayang'ana amayi ogulitsa nsomba, ana akusambira chapafupi. "Ndiye anali anthu ngati awa?" Ndinati eya, ngati omwewa. Sanafunsenso china. Anandigwira dzanja, chinthu chimene anasiya kuchita kalekale pagulu, ndipo tinakhala pamenepo nthawi ndithu. Ine ndemwe, amene chaka ndi chaka tsikuli ndimangoliona ngati la tchuthi, pakhosi panandiuma.

Masana tinadya kondowole ndi batala wowotcha pa kalesitilanti kena kumsika. Kondowole amamata m'manja, ndipo mwana analimbana naye mbamu zoyamba, koma mbale anaitsuka. Titatha tinakwera kamtunda kupita ku Chikale. Analowa m'madzi ndi diresi lake lomwelo mpaka m'chiuno, ine ndili pamwala maso ali pa iye, chifukwa nyanja ya kuno sichedwa kuzama, ndipo chakumpoto kwa dera lomweli ndi kumene kuli malo akuya kwambiri, pafupifupi mamita 700. M'mbali mwa miyala ankaona tinsomba ta mbuna tamitundumitundu, n'kumandiitana kuti ndibwere ndidzaone ka buluu, ka chikasu, ka mizeremizere. Ndinkafuna tikafikenso ku Vizara akaone mitengo ya labala ikukha utomoni, koma dzuwa linali litapendeka.

3 koloko itakwana tinali pamsewu, kaphukusi ka usipa wouma katamangidwa pa keriya. Kukwera phiri njinga ya 125cc yonyamula anthu awiri imalira, giya yachiwiri nthawi zambiri, koma inakoka. Vuto linali lina. Mwana atatopa ndi madzi ndi dzuwa anayamba kusinza, ndinamva helemeti yake ikugunda pamsana panga, manja akulefuka. Pa njinga palibe choopsa kuposa chimenecho. Ndinaima, kumusambitsa kumaso ndi madzi a m'botolo, kumuveka jekete, n'kumuuza kuti aziimba nyimbo za kukwaya mokweza mpaka tikafike. Anaimba njira yonse, mawu akunjenjemera ndi kuzizira pamene tinkalowanso m'nkhalango.

Tinafika ku Chibavi dzuwa likadalipo, amayi ake ali pakhonde, maso kumsewu. Mwana anatsika miyendo ili njenjenje, mchenga uli m'tsitsi ndi m'nsapato. Asanavule n'komwe helemeti anali atayamba kale: "Amama, mukudziwa kuti pa jeti paja..."