Ombwe wanga wa kumunsi wafota, chomudya chili ku mizu

Anzanga odzala mitengo ya chonde, ombwe uja ndinkamuyamikira mwezi watha uja wandikhumudwitsa. Wa kumtunda, pafupi ndi chulu, wafika m'chifuwa, maluwa ake oyera ali mbuu, mabemberezi akungolira pamenepo tsiku lonse. Koma mizere ya kumunsi, kumchenga kuja, yakwinimbira. Masamba achita chikasu, dzuwa likangoti tswa amazyolika ngati mvula inasiya kalekale, chonsecho nthaka ndi yonyowa.

Poyamba ndinkaganizira chiswe, poti kuno ku Santhe chiswe sichicheza. Ndinafukula m'mbali mwa mapando, osapeza kanthu. Ndinathira phulusa, ndinapaliranso, ndinakwezera mizere, masiku n'kumapita, mbewu n'kumangofota. Dzana ndipamene ndinazula phando limodzi n'kutsuka mizu yake m'beseni. Mizu yonse mfundo zokhazokha! Ndi nyongolotsi zing'onozing'ono zolowa m'mizu, zija zimavutitsa fodya ndi tomato.

Apa ndifotokoze bwino, chifukwa mnzanga wina atawona anati ndi timibulu ta chonde, ndisadandaule. Ayi, n'zosiyana. Timibulu ta nayitirojeni timamatirira m'mbali mwa muzu, ukatikhudza ndi chikhadabo timathothoka, ndipo ukatiswa m'kati mwake mumakhala mofiirira. Mfundo za nyongolotsi sizithothoka, ndi muzu weniweniwo umene watupa, madzi n'kumalephera kukwera. Ndinazulanso phando la kuchulu kuti ndifananize: timibulu tabwinobwino, mizu yosalala. Gawo la kumunsi lija mwini wake wakale ankalimapo fodya chaka ndi chaka, ndipo nyongolotsizi zimakonda nthaka ya mchenga. Ombwe ndi jelejele, mtengo winanso wa chonde, onse amazisunga ndi kuzichulukitsa. Choncho inu a ku Kasungu amene mukufuna kugoneka munda ndi ombwe kenako n'kubwezeramo fodya, ganizirani kawiri. Chimanga pambuyo pa ombwe chilibe vuto, koma fodya kapena tomato ayi.

Chikundiwawa kwambiri n'chakuti mbewu imeneyi sinali wamba. Ndinaipeza kwa agogo ena a ku Chamama amene akhala akusunga ombwe kuseri kwa khola lawo kuyambira kale, amasambitsira ng'ombe pochotsa nkhupakupa. Mukudziwa kuti ombwe alipo wa mitundu iwiri yofanana maonekedwe, wina wa mankhwala, wina wopanda mphamvu yopha tizilombo. N'chifukwa chake ine mbewu ya m'mabotolo ya pamsika sindigula, ndimafuna ya munthu amene anaiyesa. Ya agogowa chaka chatha inandithetsera nsabwe pa mpiru ndi repu ku dimba. Ndimayanika masamba pamthunzi, chifukwa dzuwa limawononga mankhwalawo, ndimasinja, kilogalamu imodzi m'malita 10 a madzi ndi kasopo pang'ono, zigone usiku, kusefa, n'kupopera madzulo. Zotsalira musakatsukire ku mtsinje wa Bua kapena m'dambo, nsomba zimafa.

Ofota aja ndazula onse ndipo ndiwawotcha pamodzi ndi mizu yake, sapita pa kompositi. Pamalopo ndikufuna kufesa zumba, poti nyongolotsi sizichulukana pa mizu yake, ndiwo tizithyola pomwepo. Ngati alipo wa ku Mtunthama kapena Chulu amene ali ndi njere za zumba wodyedwa uja, tisinthane ndi ombwe wa kuchulu akakhwima. Makoko a ombwewo ndiyenera kuwayang'anira, mbozi zimaboola msanga.

Chaka chamawa ndikulakalaka mpanda wa ombwe kuzungulira munda wonse wa kumtunda, nandolo pakati, ndi ming'oma ya njuchi ingapo cha kumalire. Mbewu yokwanira zonsezi ndiwona mmene ndingaipezere.