Kulondola mbawala zovulala ku Perthshire

Kuno ku Scotland nyengo yowombera mbawala zazikazi za mtundu waukulu wotchedwa red deer imayamba pa 21 Okutobala mpaka pa 15 Febuluwale, ndipo miyezi imeneyi foni yanga siipuma. Ine sindisaka. Amandiitana mlenje akawombera nyama koma osaigwetsa, iyo n'kuthawira kutchire ndi bala. Ndimapita ndi galu wanga wamkazi wa mtundu wa Bavarian Mountain Hound, agalu ochokera ku Germany omwe ntchito yawo ndi yomweyi.

Lolemba zinali zophweka. Pamalo pomwe nyama inaima tinapeza magazi otuwirako, a thovu. Amenewo ndi a m'mapapo, nyama yotere sipita patali. Tinaipeza itafa kale kuseri kwa thanthwe.

Lachitatu ndiye tsiku lomwe likundiwawabe. Mnyamata wina anawombera chakumadzulo, mtima n'kumuthamanga, n'kuyamba kuitsatira yekha ndi tochi. Nditafika m'mawa ndinagwada pamalopo, ndinatola udzu wonyowa n'kununkhiza: zobiriwira, zonunkha za m'chifu. Mbawala yolasidwa m'mimba ukaisiya imakagona pafupi, pakapita maola angapo umaipeza pomwepo. Ukaidzidzimutsa imadzuka n'kuthamanga mpaka kutali. Ndinamuuza kuti, "Achimwene, mukanangoika chizindikiro apa n'kupita kukagona." Anangoti zyoli. Tinayenda mpaka masana, mvula ikutikwapula, fungo linatha pamtsinje. Usiku umenewo tulo sindinatione, poganiza kuti nyama ija ikuvutika kwinakwake.

Lachinayi, polondola mbawala ina, tinapeza kachidutswa ka fupa, kosalala mbali imodzi, ka mwendo wakutsogolo. Magazi anali madontho atatu okha. Ambiri amaganiza kuti galu amatsatira magazi, koma iye amagwira fungo la nyama imodzi yomweyo, makamaka lochokera pakati pa ziboda. N'chifukwa chake pomuphunzitsa timamangirira ziboda kunsapato n'kuyenda nazo m'nkhalango, iye n'kudzalondola mawa lake. Ndinamumanga chingwe chachitali, cha mamita 10, tinanyamuka. Pena pake tinadutsa pomwe gulu lonse la mbawala linaponda m'mawa womwewo. Anakweza mutu pang'ono, kenaka mphuno pansi, n'kukhotera kumanzere, kukhwawa. Mlenje anaumirira kuti anaiona ikukwera phiri. Ine ndinatsatira galu, poti nyama yothyoka mwendo wakutsogolo ndaionapo kangapo ikusocheretsa anthu.

Mbawalayo itadzuka m'ziyangoyango ndinamumasula galu. Ndinkangoyang'ana kadontho ka GPS kosonyeza pomwe galu ali kakuyenda, mpaka ndinamva kuuwa kwake kokhuthala kuja, kosonyeza kuti waiimitsa. Ndinayandikira mwakachetechete, ndinadikira kuti galu apatuke, chipolopolo chimodzi, basi.

Lachisanu kunalibe woitana. Ndinakhala ndi galu pakhonde ndikumuchotsa nkhupakupa m'makutu ndi kumupaka mankhwala kuphazi komwe mwala unamucheka. Loweruka m'bandakucha ndinabwerera naye kumtsinje kuja, tinayamba ndi tsidya lina.