Ankakangana za Korea eni ake ali panja

Chimene chimandiwawa pa nkhani ya Korea n'chakuti anthu aja atazunzika zaka 35 pansi pa Japan, nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha mu Ogasiti 1945 ankaganiza kuti basi ufulu wafika, osadziwa kuti dziko lawo lagawidwa kale. Mzere wa 38 uja, wodula Korea pakati kuti kumpoto kukhale Asoviet ndipo kummwera Amerika, anaujambula ndi asilikali awiri a America, Dean Rusk ndi Charles Bonesteel, usiku umodzi basi, ndipo chomwe ankafuna n'choti Seoul igwere mbali yawo. Soviet Union inavomera. Palibe Mkoreya anafunsidwa.

Mu Disembala 1945 ku Moscow, nduna zoona za ubale ndi maiko ena, Byrnes wa America, Molotov wa Soviet Union ndi Bevin wa Britain, anagwirizana kuti Korea iyang'aniridwe kaye ndi maiko anayi kwa zaka zosapitirira zisanu, ati isanayambe kudzilamulira. Kummwera anthu anakwiya koopsa, mademo paliponse, ndipo nyuzipepala ya Dong-A Ilbo inathira mafuta pamoto polemba kuti ndi Asoviet amene akukakamira uyang'anirowo, chonsecho ganizoli linachokera ku America kuyambira nthawi ya Roosevelt.

Ndiye komiti ya America ndi Soviet Union inakumana mu Malichi 1946 ku nyumba yachifumu ya Deoksugung mu Seoul, ntchito yake kuthandiza kupanga boma limodzi loyembekezera. Apa mpamene pamandipsetsa mtima kwambiri, chifukwa anakanika pa funso limodzi lokha, loti afunse Akoreya ati. Shtykov wa Soviet anati zipani zotsutsa za ku Moscow zisaloledwe, Amerika nkumati ayi, anthu ali ndi ufulu woyankhula, koma zoona zake aliyense ankangowerenga kuti patebulo patsala anthu angati omusapota, poti otsutsa ambiri anali a mbali ya atsogoleri a Chikoreya Syngman Rhee ndi Kim Ku, adani a chikomyunizimu. Pofika Meyi zokambirana zinatha. Anayesanso mu Meyi 1947, mkangano womwewo.

Mtsogoleri wina wa Chikoreya, Yo Un-hyong, amene ankayesetsa kuphatikiza mbali zonse, anawomberedwa mu Julayi 1947. Mu Seputembala America inapititsa nkhaniyi ku United Nations, zisankho nkuchitika kummwera kokha pa 10 Meyi 1948. Kim Ku anakana zimenezi, mpaka anapita kumpoto ku Pyongyang mu Epulo kukachonderera kuti dziko lisagawike, anabwerako chimanjamanja. Pofika Seputembala maboma anali awiri, ndipo Kim Ku anaphedwa mu Juni 1949, chaka chimodzi nkhondo ya pakati pa maboma awiriwa isanabuke.